Kandulo wofiira sawala kuposa woyera

Kandulo wofiira sawala kuposa woyera. Lawi lake ndi lomwelo, ndipo onse awiri akatha amatha basi. Komabe pa Madisi, kumene ndimachokera, munthu amalolera kuonjezera ndalama kuti atenge wofiirayo. Mnzanga wina amene akuphunzira zachuma amati zimenezi n'zimene zimatisaukitsa Amalawife, timagula maonekedwe m'malo mogula ntchito ya chinthu. Ine sindikugwirizana naye. Ndikuona kuti utoto ndi umene watsala kuti geni ya makandulo opangira pakhomo ikhalepobe. Pa chifukwa chomwecho, tiyenera kuyamba kufunsa mafunso okhudza ufa umene anthu akusungunula m'makhitchini mwawo, chifukwa chinthu chimene chikudyetsa banja sichiyenera kulidwalitsanso.

Kwa amene simunafikeko, Madisi ali m'boma la Dowa, pamsewu wa M1, kumpoto kwa Mponela, musanawoloke Bua kulowa m'boma la Kasungu. Ndi dera la fodya, chimanga, soya ndi mtedza. Pali parishi ya Katolika komanso chipatala cha mishoni chimene anthu amachokera kutali kudzalandirako thandizo. Ndalama imayenda fodya akayamba kugulitsidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, ndipo miyezi yotsatira imakhala ya zinkhoswe ndi maukwati. Azakhali anga amakhala kumeneko ndipo amaumba makandulo. Gawo lina la ndalama yanga ya thiransipoti ndi ya ndiwo kusukulu kuno imachokera m'chitini chawo cha phula. Ndanena zimenezi kuti mudziwe mbali imene ndaima.

Anayamba mu 2022. Mu Januwale chaka chimenecho namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Mukukumbukira mmene magetsi ankazimira, mmene tinkathamangira kukatchaja mafoni akangoyaka. Azakhali anagula phula la makandulo ku Lilongwe, n'kudula mapaipi a pulasitiki kuti akhale zikombole, n'kuyamba kuumba makandulo oyera. Aphunzitsi, anamwino ndi eni magolosale, anthu amene anazolowera magetsi, ankawagula mosanyinyirika.

Msika umenewo sunakhalitse. Kapichira anayambiranso kugwira ntchito mu 2023. Ndipo kumudzi kwenikweni kandulo anali atagonja kalekale. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse ndi amene ankaunikira magetsi, koma oposa theka ankaunikira matochi a mabatire, kandulo ndi koloboyi zili kumbuyo kwenikweni. Kuchokera nthawi imeneyo nyale za sola zafika paliponse. Makandulo oyera a kufakitale, monga a Candlex ya ku Blantyre, ali m'golosale iliyonse, ndipo fakitale imagula phula lambiri nthawi imodzi pamtengo umene mayi wa chitini chimodzi sangaupeze. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, phula, lomwe limachokera kunja, linakwera mtengo. Kandulo woyera wa azakhali anasanduka wodula kuposa wa m'sitolo, popanda chilichonse chomusiyanitsa.

Chimene chinasintha zinthu ndi pempho la amayi ena a kutchalitchi. M'matchalitchi ambiri a Katolika, nyengo ya Adiventi amayatsa makandulo anayi, mmodzi Lamulungu lililonse mpaka Khirisimasi. Atatu amakhala apepo, mmodzi wapinki amene amayatsidwa Lamulungu lachitatu. Makandulo oterowo samapezeka m'magolosale a pa Madisi, ndipo kupita ku Lilongwe chifukwa cha makandulo anayi n'kutaya ndalama. Amayiwo anafunsa ngati azakhali angathe kuwapangira. Apa m'pamene timajumbo ta ufa wa utoto tinalowa pakhomo pathu.

Ntchitoyi ndaionerera maholide angapo, ndipo imafuna kudekha kuposa mphamvu. Phula salisungunulira pamoto mwachindunji. Amaika poto wa madzi pambaula, chitini cha phula n'kuchiika m'madzimo. Phula la makandulo limasungunuka pakati pa madigiri 46 ndi 68, pamene madzi owira sapitirira madigiri 100, choncho phulalo silingatenthe mpaka kugwira moto. Likagwira moto sathirapo madzi, chifukwa limathetheka n'kumwaza lawi nyumba yonse. Amangovundikira ndi chivindikiro.

Ufa wa utoto ndi wamphamvu modabwitsa. Wokwana pamitu ya machesi ingapo umasintha phula la kilogalamu yathunthu. Azakhali sauthira m'chitini chachikulu. Amatunga phula lotentha pang'ono m'kachitini ka nsomba kotsuka bwino, amasungunuliramo ufawo mpaka kusaoneka kambulu kalikonse, kenako amathira pang'onopang'ono m'chitini chachikulu akutakasa. Phula lamadzi limanamiza maso, limaoneka loderapo kuposa mmene lidzaonekere likauma. N'chifukwa chake amadontheza dontho limodzi pambale yoyera, n'kudikira kuti ligwirane, asanaganize zoonjezera. Kuonjezera utoto n'kosavuta, koma ukapyola muyeso suchotseka, umafuna phula lina loti usungunulemo.

Pali njira inanso yopulumutsa ufa. Amaumba kandulo woyera, akauma n'kumuviika kawiri kapena katatu m'phula la utoto, mtundu n'kukhala kunja kokha ngati chovala. Wina anganene kuti n'chinyengo, chikomekome cha mkuyu. Koma kandulo woviika amayaka bwino kuposa wodzaza utoto, ndipo azakhali amauza wogula mosabisa kuti m'kati ndi woyera.

Chifukwa chake amayaka bwino chili m'chingwe. Michael Faraday, katswiri wa sayansi wa ku London, anaphunzitsa ana za kandulo m'maphunziro amene anasindikizidwa mu 1861 m'buku lotchedwa The Chemical History of a Candle. Mfundo yake ndi yakuti lawi limasungunula phula, chingwe chimakoka phula lamadzilo kupita m'mwamba monga mmene nsalu imakokera madzi, ndipo chimene chimayaka ndi mpweya wa phulalo. Chilichonse chimene chatseka timipata ta m'chingwe chimapha lawi. Apa m'pamene pali kusiyana kwa mitundu iwiri ya ufa imene tonse timangoitcha utoto. Wina umasungunuka m'phula ngati shuga m'tiyi, n'kukwera m'chingwe popanda vuto. Wina susungunuka, umangoyandama ngati dothi m'madzi a m'dambo. Makrayoni a ana asukulu ndi okusayidi wofiira amene amisiri amathira pasimenti ali m'gulu lachiwirili. Kandulo wopangidwa ndi zimenezi amaoneka bwino pashelefu, koma akayatsidwa lawi limachepa, limafuka mwaye, kenako limazima. Utoto wa mafirizesi nawo sugwira, chifukwa unapangidwa kuti usungunuke m'madzi, ndipo madzi ndi phula sizigwirizana. Umangokhala timadontho pansi pa chitini.

Azakhali sanawerengepo Faraday, koma zonsezi amazidziwa ndi manja. Ali ndi kope limene amalembamo muyeso wa mtundu uliwonse, pambali pake atamatapo kachidutswa ka phula louma. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Kodi inu azakhali, pepo ameneyu mumamupeza bwanji, poti mulibe ufa wa pepo?" Anandiyankha akuseka kuti, "Iwe mwana wa achimwene, kuyunivesite kwanuko sanakuuzeni kuti wofiira akakwatirana ndi wabuluu amabereka pepo? Koma wabuluu ndi wankhanza, ukangomuonjezera pang'ono amalanda nyumba yonse." Kope limenelo ndi kafukufuku weniweni, wa zaka zingapo, wolipiridwa ndi phula loonongeka.

Tsopano tibwerere kwa mnzanga wa zachuma uja. Iye akuyeza kandulo ndi kuwala kwake, ndipo pa muyeso umenewo akunena zoona. Ndingapitirire n'kunena kuti pa nkhani younikira, kandulo agonje ndithu. Mwana wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE ayenera kuwerengera nyale ya sola. Kandulo amadya ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo tonse tamvapo za nyumba zimene zinapsa chifukwa wina anagona atamusiya akuyaka pafupi ndi neti ya udzudzu. Sindikulira kuti tochi analanda malo a kandulo. Koma anthu amene amabwera kwa azakhali sakudzagula kuwala. Ambiri ali ndi tochi m'thumba, pafoni pawo. Akudzagula chinthu chonena mawu pamwambo. Mkwatibwi akufuna makandulo ofanana ndi nsalu ya anamwali operekeza. Kholo likufuna kandulo woyera wokongoletsedwa bwino wa ubatizo. Ena akufuna wa mapemphero a kunyumba, ena wa chikumbutso cha malemu. Ngakhale dziko lonse lapansi limachita zomwezo, chaka chilichonse mu Meyi anthu amayatsa makandulo pokumbukira amene anamwalira ndi Edzi, mwambo umene unayamba mu 1983, ndipo palibe amene amati akuunikira njira.

Ife a maphunziro a chikhalidwe ndi zilankhulo, amene timafunsidwa kawirikawiri kuti digiri yathu tidzadya nayo chiyani, pano tili ndi chonena. Mu 1969 Brent Berlin ndi Paul Kay analemba kuti zilankhulo zimene zili ndi mawu atatu okha a mitundu zimakhala ndi kuyera, kuda ndi kufiira. Victor Turner, amene anakhala pakati pa Andembu a kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, anasonyeza m'buku lake la 1967, The Forest of Symbols, kuti mitundu itatu yomweyi ndi imene imanyamula miyambo yawo. Tamverani Chichewa chathu. Kuyera, kuda ndi kufiira ndi mawu akale amene timawagwiritsanso ntchito pa mtima wa munthu: woyera mtima, kuda nkhawa, maso kufiira. Kubiriwira tinatengera ku zomera, chikasu ndi dzina la chomera, pamene buluu, pinki ndi pepo tinabwereka ku Chingerezi. Aliyense wokulira ku Dowa kapena ku Ntchisi waonapo mitundu itatu yakale ija pa nkhope za gule wamkulu. Tanthauzo lake n'lakuti wogula sawona mitundu yonse mofanana. Pinki ndi wachikondwerero chabe, alibe mbiri yolemera. Wofiira ndi wakuda amabwera ndi katundu.

Katunduyo ndi weniweni. Azakhali amakana kupanga kandulo wakuda, ngakhale wina atalonjeza ndalama yabwino. Sakhulupirira kuti phula lakuda lingaphe munthu. Amadziwa kuti mayi wachikulire amene waoneka akuyanika makandulo akuda pakhonde akhoza kudzuka mawa lake akutchedwa mfiti. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma tonse tamva za okalamba amene amenyedwa ngakhale kuphedwa m'midzi ya dziko lino chifukwa cha mphekesera zotere. Wofiira amapanga, ndipo safunsa wogula kuti akukatani naye. Wakuda ayi. Palibe pepala la malangizo a utoto limene lingakuuzeni zimenezi. Ndi nzeru ya munthu wodziwa malo ake, ndipo ndi mbali ya bizinesi monga mmene ulili mtengo wa phula.

Pali vuto lina limene sindikufuna kulibisa pofuna kupambana mtsutso. Pafupifupi chilichonse cha m'kandulo ameneyu n'chochokera kunja. Phula lake limachokera ku mafuta a pansi panthaka. Utoto wake ndi mdzukulu wa zimene William Henry Perkin, mnyamata wa zaka 18 wa ku London, anatulukira mu 1856 pamene anapanga utoto wapepo kuchokera ku zotsalira za malasha, akufunafuna mankhwala a malungo. Ndalama zakunja zikasowa, geni ya azakhali imatsokomola. Chodabwitsa n'chakuti kum'mawa kwathu, m'midzi yozungulira nkhalango ya Ntchisi, anthu amaweta njuchi, ndipo m'dziko muno alimi ambiri a njuchi amafinya uchi n'kutaya zisa. M'zisamo ndi mmene muli phula lenileni, limene limasungunuka pa madigiri pafupifupi 63, limayaka nthawi yaitali ndipo limanunkhira uchi. Lili kale ndi mtundu wake wachikasu, losafuna ufa uliwonse. Malire ake ndi akuti chikasucho chimasokoneza mitundu ina, ukathira buluu umapeza wobiriwira. Silingalowe m'malo mwa phula loyera pa chilichonse, koma mayi wa pa Madisi wogwirizana ndi kalabu ya alimi a njuchi a ku Ntchisi angakhale ndi kandulo amene fakitale ilibe, wopanda dola m'kati mwake.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kajumbo kaja. Ufa umene azakhali amagula umabwera utapimidwa m'timajumbo tomanga mfundo, topanda dzina, topanda dziko lochokera, topanda chenjezo. Wogulitsa amangoti "uwu ndi wa makandulo", ndipo wogula amakhulupirira. Utoto wosungunuka m'mafuta si chakudya. Mu 2005 ku Britain anachotsa m'masitolo zakudya za mitundu mazanamazana atapeza kuti munalowa utoto wotchedwa Sudan I, umene ntchito yake ndi kukongoletsa phula, polishi ndi mafuta, ndipo ndi woletsedwa m'zakudya chifukwa umaganiziridwa kuti ungayambitse khansa. Kwathu kuno, bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wogulitsidwa m'Malawi zaka zingapo zapitazo n'kupeza mtovu wochuluka m'mitundu ina ya penti wamafuta, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana. Ku America analetsa zingwe za makandulo zokhala ndi mtovu mu 2003. Zonsezi zikutiuza chinthu chimodzi, mtundu wowala ukhoza kubisa zinthu zimene sitingafune kupuma kapena kumeza.

Tsono taganizirani khitchini ya kwathu. Mbaula ndi imodzi, shelefu ndi imodzi. Kajumbo ka ufa wofiira wa makandulo kamafanana ndendende ndi ka ufa wofiira wa mafirizesi, ndipo m'makomo ambiri mayi yemweyo amachita mageni onse awiri. Ufawo ndi wopepuka, kamphepo pang'ono umauluka, umalowa m'mphuno n'kudetsa manja kwa masiku. Azakhali anaika malamulo awo. Zitini ndi mitengo yotakasira phula sizikhudza chakudya. Ufa umakhala m'botolo lotseka, lolembedwa, pamwamba posafika mwana. Amapima panja pamalo opanda mphepo, atavala masiki imene inatsala nthawi ya Covid-19. Koma malamulo amenewa anawapeza okha. Si aliyense amene akuyamba geniyi mawa adzawapeze asanavulale.

Apa ndikufuna kulankhula ndi inu anzanga amene mwatsala pang'ono kumaliza, ndi amene munamaliza kale muli pakhomo ndi digiri m'chikwama. Tonse tamva uthenga woti tisadikire ntchito, tidzilembe tokha. Pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp mwadzaza zotsatsa za maphunziro a tsiku limodzi a kapangidwe ka sopo, polishi ndi makandulo. Sindikunyoza, ena apindula nazo. Koma kusungunula phula ndi kuthira m'chikombole munthu amaphunzira masana amodzi. Chimene chimatenga zaka ndi kudziwa kuti pepo amafunika kumapeto kwa Novembala, kuti maukwati amachuluka fodya akagulitsidwa, kuti kandulo wamtundu ukamuyanika padzuwa pamsika amafwifwa, kuti mtundu uwu pamudzi uwu sungaupange. Anthu khumi akaphunzira kuumba kandulo woyera tsiku limodzi n'kukagulitsa pamsika umodzi, onse khumi amagwa. Azakhali anapulumuka chifukwa anamvetsera chimene anthu a pamalo awo ankasowa.

Ndipo pali ntchito imene ife tingagwire yomwe iwo sangathe. Wophunzira wa kemisitiri amene akusowa mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza atha kugula timajumbo khumi m'misika ya Lilongwe, Mponela ndi Kasungu n'kukayeza zimene zili m'kati. Wophunzira zamalamulo atha kufufuza zimene malamulo oteteza ogula amanena pa katundu wopimidwa wopanda chizindikiro, n'kulembera bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe lakhalapo kuyambira 1972 kuti liziona za ubwino wa katundu. Wa zaulimi atha kulumikiza alimi a njuchi ndi oumba makandulo. Ife a zilankhulo tingalembe tsamba limodzi m'Chichewa chomveka, lofotokoza kusiyana kwa ufa wosungunuka ndi wosasungunuka, kuopsa kwa kuthira madzi paphula loyaka, ndi kufunika kosunga utoto kutali ndi chakudya. Mutu umodzi susenza denga, koma denga ili si lalikulu.

Mnzanga uja akadali ndi funso limodzi labwino. Amati, kodi banja losauka liyenera kuononga ndalama pa kukongola? Yankho langa ndi lakuti mabanja osauka akhala akuchita zimenezi kuyambira kale, ndipo sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Agogo athu ankatsira nyumba ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda, ankaluka mikanda, ankasema mipini ya makasu mokongola pomwe khasu likanalima ngakhale mpini uli wosalala. Mayi amene wagulitsa ndowa ya soya n'kugula makandulo awiri apinki a chinkhoswe cha mwana wake wawerengera bwino ndalama yake, ndipo ndalamayo yatsala pa Madisi pomwepo, m'manja mwa mayi mnzake. Chimene tiyenera kuonetsetsa n'chakuti wopanga kanduloyo adziwe chimene akupuma, ndipo mwana wake asachinyambite.

Tsamba limodzi lija ndayamba kulilemba, ndipo azakhali avomera kuti miyeso ya m'kope lawo ilowemo, kupatula ya pepo imene akuti ndi chinsinsi cha geni. Ndikusowa munthu wa kemisitiri woti aliwerenge lisanapite kwa anthu, komanso wina wa ku Ntchisi wodziwa alimi a njuchi amene amataya zisa. Ngati ndinu mmodzi wa iwo, tipezane semesita ino isanathe, chifukwa maoda a Adiventi amayamba kubwera mvula yoyamba ikangogwa.